Pamene Pali Mchombo Wanga

Ndinali ndi zaka khumi, sitandade 4, pamene ndinatsala pang'ono kusiya sukulu chifukwa cha khungu langa.

Bambo anga anali Mmwenye. Sindinakhale nawo. Amayi ankagwira ntchito m'sitolo mwawo m'tauni ya Zomba, ndipo atatenga pakati anabwerera kwawo ku Chinamwali. Ndinabadwa woyera, tsitsi ngati ndevu za chimanga. Kunyumba palibe ankazitchula zimenezo. Kusukulu ndiye inali nkhani ya tsiku ndi tsiku.

Woyambitsa anali Daisoni, mnyamata wamtali amene ankakhala kumbuyo kwanga m'kalasi. Aphunzitsi akatembenukira ku bolodi, iye ankandikoka tsitsi. Pa buleki ankabwera ndi anzake.

"Bwana, shuga bwanji lero? Titsitsireniko."

Akaseka mokwanira ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: "Ukutani kuno? Bwerera kwanu."

Ndikamenya, ankati Amwenye ndi ankhanza. Ndikakhala chete, ankati ndikunyada.

Tsiku lina m'mawa ndinasinja makala, ndinasakaniza ndi mafuta odzola a amayi, n'kudzipaka kumaso ndi m'mikono. Inali nyengo yotentha. Tili pamzere panja thukuta linayamba, makala aja n'kutsetsereka mpaka pa kolala ya yunifolomu. Sukulu yonse inaseka. Ndinathawa.

Sabata yonseyo ndinkavala yunifolomu m'mawa n'kukakhala pamiyala kumtsinje wa Likangala, kuonerera azimayi akuchapa, mpaka nthawi yoweruka. Ndinali nditatsimikiza kuti kusukulu sindidzapondako.

Anandipeza ndi amjomba, a Saidi, achimwene awo a amayi. Ankatsitsa nkhuni kuphiri pa njinga n'kumagulitsa m'makomo. Lachisanu ndinangomva mabuleki akulira kumbuyo kwanga. Ndinadziwa kuti ndikwapulidwa.

Sanandikwapule. Anandifunsa chimene ndinkachita pamenepo.

"Akuti ndibwerere kwathu," ndinatero.

Anatembenuza njinga. "Chabwino. Kwera, ndikuperekeze kwanuko."

Ndinakwera pakaliyala, pamene panali pakununkhabe utomoni wa paini. Tinalowera m'tauni, kumene kuli masitolo a Amwenye. Ndinaganiza kuti akukandisiya pakhomo pa munthu amene sanandifune. Ndinagwira malaya awo mwamphamvu. Iwo anangopalasa. Tinadutsa masitolo onse, tinadutsa msika, mpaka tinafika ku Chinamwali, kuseri kwa nyumba yathu, pansi pa mtengo wa mapeyala umene ndinkakwera tsiku lililonse.

"Tsika. Wafika."

Ndinatsika osamvetsa.

"Mchombo wako utagwa, amako anaukwirira apa. Ine ndinabzalapo mtengowu. Ndi msinkhu wako." Anamenya thunthu lake ndi chikhatho. "Kuno mwana ndi wa kwa amake. Ndiwe wa mbumba yanga. Khungulo ndi la bambo ako, inde, koma sunabe. Makala ndi ophikira, wamva?"

"Ndamva, amjomba."

"Lolemba kusukulu."

Anakwera njinga n'kumapita. Sanawauze amayi zoti ndinkajomba. Ndinakhala pansi pa mtengowo mpaka dzuwa linapendeka, ndikuyang'ana dothi. Linali dothi wamba, lofiira, nkhuku zitapalasapalasa.

Lolemba ndinapita. Daisoni sanachedwe.

"Sunapitebe kwanu?"

"Ndinapitako Lachisanu," ndinamuyankha. "Kuli mapeyala."

Sanamvetse, ndipo sindinamufotokozere. Kunyozako sikunathe tsiku lomwelo. Kunapitirira mpaka sitandade 6. Koma mawu aja anali atatha mano. Ankati ndibwerere kwathu, ine ndinkabwereradi tsiku lililonse tikaweruka.

Ndinamaliza sitandade 8. Lero ndine kalipentala ku Mbedza. Amjomba anatisiya kalekale. Tsitsi lija layamba imvi, ndipo sindilibisanso m'chipewa. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti mwana wonyozedwa safuna mawu ambiri. Amafuna munthu womuonetsa pamene angaime.

Mwana wanga wamkazi anatengera tsitsi langa. Amake ndi a ku Likangala, ndipo mchombo wake uli kwa amake, pansi pa nthochi. Chaka chatha mwanayu anabwera kuchokera kusukulu maso ali ofiira, atadzimeta mbali imodzi ndi lumo. Sindinamufunse zambiri. Ndinatulutsa njinga.

"Kwera," ndinatero.