Kadzenje pa Mwendo wa Azakhali

Ku bekale onse ankangowatchula kuti Azakhali, ngakhale abwana omwe. Anakanda ufa wa buledi ndi manja zaka makumi awiri, mikono yawo ngati ya mwamuna wonyamula matumba. Pofuna kudziwa ngati ufa wafufuma bwino, ankaukanikiza ndi chala. Kadzenje kakabwerera ankati, "Uli moyo uwu, lowetsani mu uvuni."

Amuna awo atafa ziwalo mbali imodzi, kuchipatala analangiza kuti wodwalayo azidya mazira, mkaka ndi nyemba. Azakhali anamvera ngati lamulo la Mulungu. Kalikonse kamene kapezeka kankapita m'mbale ya abambo. Iwo ankadya zidutswa za buledi wophwanyika ndi tiyi wa shuga, m'mawa, masana, madzulo. "Mimba sifunsa dzina la chakudya," ankatero.

Tsitsi linayamba kutsalira pachipeso, lotsalalo likufiira, iwo n'kulibisa mumpango. Zikhadabo zinkangothetheka. Chilonda chimene anapsa ndi thireyi padzanja chinatha miyezi iwiri chisanapole. Kenako nkhope ndi mapazi zinatupa, nsapato n'kukana.

"Azakhali, mwanenepatu!" anatero amayi anzawo potuluka m'tchalitchi. "Tigawireniko buledi ameneyu, musamadye nokha!"

Iwo anaseka, nathokoza Ambuye kuti thupi labwera. Komatu mikono inkapita kwina. Mtanda wa ufa umene kale ankaugubuduza akuimba nyimbo tsopano unkawagwetsa thukuta lozizira.

Lolemba lina abwana ananyema buledi pamaso pawo, m'kati muli mibulu ya ufa. "Azakhali, ndimakulemekezani, koma anthu akubweza katundu. Lachisanu ndidzaima pano ndione. Ngati mikono yatha, tiuzane zoona."

Ntchito imeneyo ndiyo inkabweretsa dzira la abambo. Lachitatu anapita kuchipatala kuti akamange chilonda chija, mwina ndicho chinkawafoola. Namwino anasiya dzanja, nawerama, nakanikiza mwendo wawo ndi chala. Atachotsa chala, kadzenje kanatsala pompo. Azakhali anakayang'ana, kudikira kuti kabwerere. Sikanabwerere.

"Awa ndi madzi, amayi, si kunenepa ayi," anatero namwino. "Mumadya chiyani?"

"Ndimakhuta, mwana wanga."

"Sindinafunse za kukhuta. Nyemba, mazira, nsomba, mtedza, mudalawa liti? Thupi limadzimanga ndi zimenezo. Likazisowa, limayamba kudya minofu yake yomwe. Mungachire, koma si za sabata imodzi."

Lachisanu anapemphera chamumtima, naviika manja mu ufa. Abwana anaima pakhomo, maso ali pansi. Azakhali anakanda, napuma, nakandanso. Mtanda utakhala nthawi yake, anaukanikiza ndi chala, kadzenje n'kutsala pompo. Sanadikire kuti wina awauze. Anamasula epuloni, naipinda bwinobwino, naiika pathebulo.

"Mikono ikabwerera, ndidzagogoda," anatero. Abwana anangogwedeza mutu.

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamutu. M'dengu munatsala dzira limodzi. Analiwiritsa, nalisenda, naliika pambale pafupi ndi bedi. Abambo anayang'ana akazi awo obwera masana opanda ufa m'zala, nayang'ana mapazi otupawo nthawi yaitali. Ndi dzanja lawo lamoyo lija anadula dziralo pakati ndi chikhadabo, nakankha mbale.

"Amayi," anatero, lilime likulemera, "idyani."

"Ndakhuta, bambo."

Abambo anatseka pakamwa, natembenukira kukhoma, mpaka anamva akazi awo akutafuna.