Tsiku Limene Yusufu Anasanja Zigubu

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, m'komboni ya Kanyama, bambo atangochotsedwa ntchito pakampani ya boma imene inagulitsidwa. Iwo anapita ku Kitwe kukasaka maganyu, amayi n'kuyamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, m'tauni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkatsala ndekha, kiyi ali pakhosi. Atsikana osewera phada sankandifuna, poti ndinali wachibwibwi, komanso Chinyanja changa chinali cha agogo ochokera ku Dedza. Ankangonditcha Kamalawi.

Kuseri kwa mpanda wathu wa malata kunasamukira mayi wina wa Chisomali, ba Halima. Amuna awo ankayendetsa chigalimoto cha mafuta ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Pakhomopo pankachokera fungo la lubani ndi kamawu ka mwana kong'ung'udza tsiku lonse, koma mwanayo palibe ankamuona.

Ine, posowa chochita, ndinasuzumira pabowo la lata. Ndinaona mnyamata wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri atakhala pasimenti, akundanda tizitsekerero ta mabotolo, tofiira patokha, tobiriwira patokha. Ndinaponyamo kanga kamodzi. Anakatola osandiyang'ana, n'kukaika pamalo pake penipeni. Kuyambira tsikulo ndinkatola tizitsekerero kuseri kwa mabala onse a mowa m'dera lathu, n'kumamupatsira pabowopo. Sanandilankhule ngakhale kamodzi. Kwa ine wachibwibwi, mnzanga wosadikira mawu anali mpumulo waukulu, ndipo ndinamukonda.

Ba Halima atatipeza sanakalipe. Anandilowetsa, n'kundipatsa tiyi wonunkhira ngati mankhwala, nandiuza m'Chinyanja chawo chodukaduka kuti mwanayo ndi Yusufu. Ndine ndinayamba kuwaumiriza kuti amulole adzandiperekeze kumpopi. Anakana kwa masiku ambiri, koma ine ndinali kakaka, mpaka tsiku lina anamuveka nsapato.

Kumpopi kunali lamulo limene aliyense wa m'komboni ankalidziwa osauzidwa. Madzi ankabwera nthawi imene afuna, choncho munthu ankasiya chigubu pamzere m'mamawa n'kupita kukagwira zina. Chigubucho chinkaimira mwini wake, ndipo kuchisuntha kunali kuputa nkhondo. Tsikulo madzi anachedwa, azimayi onse ali pamthunzi wa golosale, macheza ali mkati. Yusufu ataona mzere wosokonekerawo anayamba ntchito yake: ting'onoting'ono kutsogolo, zikuluzikulu kumbuyo, zachikasu pamodzi. Ndinkaona zonse, lamulo ndikulidziwa. Koma iye ankang'ung'udza mokondwa, akukupiza manja, ndipo ndinene chilungamo, kachigubu kanga ndiko kanakhala koyamba. Mpopi utatsokomola, ndinangotchera.

Bana Mwansa, mayi wojintcha amene anasiya chigubu chawo tambala woyamba atangolira, anandigwira khutu.

"Iwe Kamalawi, ni ndani wakupatsa mphamvu yogwira vigubu va banthu?"

Anthu anatizinga, atsikana a phada ali kutsogolo, mano ali pamtunda. Masiku onse mawu ankandikanirira pakhosi, koma tsikulo anatuluka osapunthwa n'komwe.

"Si ine, ni ofunta uyu wa Basomali."

Ofunta ndi wamisala m'kalankhulidwe ka m'tauni. Bana Mwansa anandisiya khutu, chiseko chinabuka, ndipo onse anatembenukira kwa Yusufu, wina akumukoka malaya, wina akumufunsa dzina mokuwa. Iye anatseka makutu ndi manja n'kuyamba kulira, akudzimenyetsa mutu pachigubu. Apo m'pamene ndinaona ba Halima ataima pakona, kumene anatitsatira mwakachetechete kuti aone mwana wawo ali pakati pa anthu. Chinyanja ankachidziwa pang'ono, koma liwu limenelo ankalidziwa. Anamufunditsa nsalu yawo yakumutu, n'kumunyamula osandiyang'ana.

M'mawa mwake ndinapeza bowo lija latsekedwa ndi thabwa. Sabata yomweyo atsikana anandiitana ku phada, ati ndinawaseketsa. Ndinasewera, ndinapambananso kawiri, koma sindinasungulumwepo chotero m'moyo mwanga.

Patapita masiku ndinalimba mtima, ndinakagogoda nditanyamula tizitsekerero todzaza kachitini. Ba Halima anatsegula pang'ono chabe. Nkhope yawo sinali yokwiya, inali yotopa.

"Mwana wanga, kwathu kuli mawu awiri chabe: munthu ali bwino, olo ni ofunta. Pakati palibe. Banthu banga bakamba ati ni majini, ati nimubise. Ndiye chifukwa ninabwera kunkhala kuno, kutali na beve. Iwe weka ndiwe unali kumuona Yusufu."

Analandira kachitiniko, n'kutseka chitseko. Yusufu sanatulukenso. Mvula isanayambe anasamukira ku Ndola, ndipo ndinangodziwira kutha kwa fungo la lubani.

Dzina la chimene Yusufu anali nacho ndinadzalimva ndili wamkulu, pophunzira uphunzitsi: otizimu. Aphunzitsi athu anatiuza kuti si misala, si majini, si themberero, koma kabadwidwe kena ka ubongo, ndipo ana otere phokoso limawapweteka, dongosolo n'kumawakhazika mtima pansi. Anzanga ankalemba m'makope, ine misozi ili lengelenge, chifukwa zonsezo ndinali nditaziona kale pabowo la lata.

Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti ndinali mwana, sindinkadziwa. Lero ndikuvomera kuti si zoona. Bana Mwansa ndiwo sankadziwa, ndipo sindiwaimba mlandu. Pampopi paja munthu mmodzi yekha ankadziwa kuti Yusufu si wamisala, kuti ankangokonza mzere umene unkamupweteka m'maso. Munthuyo ndinali ine, ndipo ndinamugulitsa kuti andisiye khutu.