Tsiku limene mayi anandibwiritsa shuga

Ndimakaonabe m'maganizo kathumba kamene mayi anasokerera mkati mwa diresi langa, kokwana masiwiti awiri okha. Inali nyengo yotentha ku Bangwe, mpweya ukununkha fumbi, makala ndi mafuta a zitumbuwa, chaka chomwe sukulu inayamba kukhala yaulere. Nditangopezeka ndi matenda a shuga, mayi anandisandutsa dzira. Jakisoni m'mawa, jakisoni madzulo, mankhwala ake tikusunga mumtsuko wa mchenga wonyowa poti filiji tinkangoimvera kwa ena. Ntchito yanga inali kusankha nyemba pakhonde, anzanga akusewera fulaye pamsewu, wina akuzinda mpira kwinaku akudzaza mchenga m'botolo. Mtima unkandiwawa zedi.

Anandimasula ndi anesi a kuchipatala. Anauza mayi kuti mtima wa mwana wa shuga umalimba ndi kuthamanga, bola adye kaye ndipo aziyenda ndi siwiti, chifukwa shuga amathanso kutsika m'thupi. Mayi analola monyinyirika, koma anati ndikadzangogwa, ndidzabwerera kunyemba.

Tsiku lina masana, botolo langa lili pakatikati, manja anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira lili kamukamu. Ndinapisa m'kathumba. Siwiti isanafike pakamwa, a Nasibeko, ogulitsa zitumbuwa pafupi ndi mpopi, anaitsomphola. Mzere wonse wa nyumba zathu unkadziwa lamulo limodzi lokha: mwana uyu asalawe chotsekemera. Analanda ndi inayo, akukuwa kuti ndikufuna kudzipha. Ankandikonda, ndipo chikondi chawocho chikanandipha.

Mayi anatulukira akuthamanga, thovu la sopo lili m'mikono, shuga ali m'chikhatho. Anandikhazika pansi n'kundibwiritsa, a Nasibeko atagwira pakamwa. Pang'onopang'ono maso anayera. Ndinadya chitumbuwa chimene a Nasibeko anandipatsa mwamanyazi, ndikuyang'ana khonde lija, misozi ili lengelenge. Ndinadziwa kuti zanga zada.

“Iwe, watha kudya?” anafunsa mayi. “Nanga botolo lija akudzazire ndani?”

Ndinalidzaza mpaka kukamwa, mpira osandikhudza, anzanga akufuula ngati ndawina chisankho. Kuyambira pamenepo a Nasibeko ankasunga kapepala ka shuga pambali pa lichero lawo, n'kumaphunzitsa aliyense monyada ngati nzeruzo anazitulukira okha.

Fulaye anazilala, ana a lero sakumudziwa. Koma mtima umene mayi analolera kuti uthamange ukugundabe bwinobwino, ndipo siwiti sichoka m'thumba mwanga. Ndinakula n'kuzindikira kuti tsiku lija mayi ankanjenjemera kuposa ine. Nyemba anazisankha okha.