Duwa ya Abambo pa Khadi la Achemwali

Chaka chomwe ndinali Folomu 3 ku Balaka, achemwali anga anapeza banja ku Nsamala. Abambo anali ku Joni ndipo zinadziwika msanga kuti pa ndowa, ukwati wa Chisilamu, sadzakhalapo. Iwo anati khadi loitanira anthu alemba okha, kuti mawu awo okha afike. Anakonza tsamba pa kompyuta ya mnzawo, duwa yaifupi, ndiye kuti pemphero, m'zilembo za Chiarabu pamwamba, Chichewa m'munsi, n'kutumiza fayiloyo pa foni.

Lachinayi achemwali anachoka kwathu ku Chikweo m'mamawa, nadzanditenga kusukulu kuti ndiwaperekeze. Makhadi ankafunika mawa lake, amalume akagawe anthu akamatuluka mu mzikiti.

Pa shopu yosindikizira tinapeza mayi wina wanthabwala akudya chinangwa pambali pa kompyuta. Anatsegula fayiloyo mu bulawuza, pulogalamu yoonera masamba a pa intaneti, n'kusindikiza osayang'ana. Chichewa chinatuluka bwinobwino. Koma pamalo pa duwa panali ma O olasidwa pakati, ma U ovala tizipewa, ndi tizizindikiro tina tosadziwika.

“Abambo anu alemba okha, kapena yaponda nkhuku?” anafunsa mayiwo. Anasindikizanso kawiri, zomwezo. Atati afinye mapepalawo kuti aponye m'bini, achemwali anawagwira mkono.

“Iyayi mayi, musataye. Dzina la Mulungu lili momwemo.”

“Mmenemu? Angawerenge ndani?”

“Mwini wake awerenga.”

Mayiwo anaseka, koma mapepalawo anawawongola ndi chikhatho n'kuwapereka ndi manja awiri. Kenako anati tingodula pamwambapo, tisindikize Chichewa chokha. Achemwali ankangopotokola nsonga ya mpango wawo.

Ine vutolo ndinkalidziwa. Aphunzitsi athu a kompyuta anatiuzapo kuti makinawa amasunga zilembo ngati manambala, ndipo tsamba likapanda kunena mmene manambalawo awerengedwere, bulawuza imangoganizira. Nthawi zina imaphonya. Mzere wokonzera ndinaukopera m'buku langa lomwe ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku, pansi pa dandaulo la nyemba zosapsa za kusukulu. Bukulo linali m'chikwama, koma ndinkachita manyazi kuyankhula. Nthawi imeneyo ngakhale kuyankha moni kunkanditulutsa thukuta.

“Ndiyeseko?” ndinatero. Palibe anamva. Ndinabwereza.

“Kodi kameneka kamayankhula?” Mayiwo anadzuka pampando, n'kusasa nyenyeswa za chinangwa. “Khalani, aphunzitsi.”

Ndinatsegula fayiloyo mu pulogalamu yolembera wamba. Duwa inali momwemo yonse, yosaonongeka, ndipo mtima unakhala pansi. Ndinatulutsa buku langa, chikhatho chitaphimba tsamba linalo kuti achemwali asawerenge zanga. Ndi chala chimodzi ndinalemba mzerewo pamwamba pa fayilo, wouza bulawuza kuti iwerenge manambala aja mwa njira yotchedwa UTF-8. Ulendo woyamba sizinasinthe. Ndinayang'anitsitsa, ndipo ndinapeza kuti ndaiwala kusunga. Ndinasunga, n'kutsegulanso.

Zilembo zinayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, zolumikizana ngati mkanda. Achemwali anayandikira galasi la kompyuta n'kuwerenga duwayo motsitsa mawu mpaka kumapeto, kenako anandikanikiza mutu pachifuwa pawo mpaka mpango wanga unasokonekera.

“Nkhuku ija yaphunzira,” anatero mayiwo, makina atayamba kulira. Anandipatsa chinangwa chachikulu kwambiri m'mbalemo, n'kundiuza kuti mzerewo ndiwalembere pakapepala. Anakamata pakhoma.

Tili pa depoti tinajambula khadi limodzi n'kutumiza ku Joni. Minibasi isanadzaze, abambo anayankha ndi uthenga wa mawu. Anawerenga duwa yawo kuchokera pachithunzicho, anatsokomola, kenako anati, “Ndiye kuti ndafika.” Achemwali anaumvera katatu, foni ili pakhutu.

Mapepala atatu a nkhuku aja achemwali anandisiyira ine, poti buku langa sindilisiya pansi. Alimobe, opindidwa pakati.