Chithunzi Changa Pakhoma la Shopu

"Yendani mukadye na chithunzi chanu, ba malemu!"

Anandikalipira choncho ndi mnzanga wopenta, munthu amene ndinayamba naye ntchito pashopu yowotcherera mageti ku Kanyama tonse tisanamere imvi. Ine mtima suchedwa kuwira. Ndinamenya theche ndowa imene ndinkakhalira pa nthawi ya tiyi, n'kugubuduza makapu a anzanga m'fumbi. Palibe anaseka, ndipo palibe anandigwira.

Zinayamba ndi mwana wa eni shopu. Iye anakacheza ku kampani ina yaikulu ya kumafakitale, n'kuona kuti kumeneko amapachika pakhoma chithunzi cha wantchito wopambana mwezi uliwonse, ati kuti ena achite khama. Anabwera nazo zonse, felemu ndi msomali womwe. Woyamba kupachikidwa ndinali ine, ndipo anandipatsanso ovolosi yatsopano.

Kumeneko mwina zimayenda, poti antchito ndi ambiri, ena sadziwana n'komwe. Ife tonse tinkakwana pa benchi imodzi ndi ndowa ziwiri. Geti silipangidwa ndi munthu mmodzi. Wina adula chitsulo, wina agwira, ine ndiwotcherera, wina apala, wina apenta, ndipo pokweza m'galimoto tonse timalira msana. Komanso kwathu kuno chithunzi cha munthu mmodzi m'felemu, atavala jekete, osamwetulira, timachiona pamaliro. Dzina la malemu linachokera pamenepo.

Poyamba zinali nthabwala. Ndikamalowa ankavula zipewa. Wodula zitsulo ankati, "Banali bamuna babwino, koma ukali." Ndinkatukwana, iwo n'kumaseka. Kenako kuseka kunatha. Ndikapempha wondigwirira chitsulo, aliyense ankapezeka wotanganidwa. "Opambana safuna thandizo," ankatero. Vitumbuwa, zimene tinkagawana pa nyuzipepala imodzi, anayamba kudyera kuseri kwa shopu. Tsiku limenelo ndinawatsatira komweko ndi ndowa yanga, n'kukalandira mawu aja.

Poweruka tinkayenda limodzi mpaka pokwerera minibasi, tikunyozana za mpira. Madzulo amenewo ndinayenda ndekha, ovolosi yatsopano ikundikanda m'khosi. Ndinkafuna wina woti ndimuuze kuti sindinapemphe kujambulidwa. Koma anthu amene ndikanawauza ndi omwewo ndinawatayira tiyi. Kunyumba ku Chawama mkazi wanga anali atauza kale amayi onse a kutchalitchi za chithunzicho, ndiye ndinangosamba n'kukagona.

Kupepesa sindimatha.

M'mawa mwake ndinavala ovolosi yanga yakale, yobowoka ndi moto m'mawondo. Ndinafika shopu isanatsegulidwe, mlonda n'kundilowetsa. Ndinatsitsa chithunzicho, ndinazula ndi msomali womwe kuti asadzapachikepo wina. Kenako ndinagula vitumbuwa kwa mayi wa pamsewu, ndinayala nyuzipepala pabenchi, ndinatsuka makapu aja, n'kukhala pa ndowa yanga yopindika, nkhope kugeti.