Kompyuta ya Amalume ndi Chiguduli Chonyowa

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amuna anga: kompyuta ya amalume ndinaipha ndine. Chibadwire mwana wangayu, zobisa zikundilemera pamtima, ndiye lekani ndinene.

Inali yoyererako ngati dzino lakale, yolemera kuposa ndowa yodzaza madzi. Amalume ankanyamula zikwama za alendo pabwalo la ndege ku Mfuwe, ndipo mzungu wina wa paloji yogona alendo anawasiyira pobwerera kwawo. Inkakhala kwathu, chifukwa amayi anali namwino ndipo nyumba ya pakiliniki inali ndi magetsi. Amalume akaweruka ankabwera panjinga kudzaphunzira kutayipa ndi zala ziwiri. Mu Disembala kunali mayeso a ntchito ya muofesi paloji ina, ndipo ankati akapambana, msana wawo upuma.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo za msana sizinkandikhudza. Changa chinali kagemu ka kagalimoto kozemba miyala.

Mu Okutobala wa 1998, nyenje zikulira m'mitengo ya tsanya mpaka makutu kuwawa, aphunzitsi athu ochokera ku Migodi anabwera ndi gemu yatsopano ya mpikisano wa magalimoto. Anailowetsa. Galimoto yofiira inaonekadi, yokongola, koma inkayenda modukizadukiza ngati ng'ombe yolumidwa ndi kashembe. Ukadina kuti ikhote, inkakhota itagunda kale khoma.

“Makina awa akalamba,” anatero aphunzitsi. “Zinthu izi zikatha zaka zitatu kapena zinayi, magemu atsopano amazipitirira. Pofunika kuwonjezera zam'kati, ndipo zimenezo n'za ku Lusaka.”

Sindinavomere. Zaka zinayi n'kukalamba? Njinga ya amalume inali ndi zaka zambiri kuposa ine, koma inkafika ku Msoro. Ndinagwira pamwamba pa kompyuta ndipo panali potentha ngati chipumi cha mwana wodwala malungo. Ndinatsimikiza kuti vuto ndi kutentha kwa m'chigwa basi, ndipo ndichiza ndine.

Ndinayamba ndi nthenga ya nkhanga, kuchotsa fumbi m'timabowo take. Sizinathandize. Ndinaikokera kutali ndi zenera. Ndinaikupiza ndi lichero mpaka mkono kufooka, dzanja lina lili pabatani. Sabata yonse ndikachoka kusukulu ntchito inali imeneyo, ndipo tsiku lililonse ndinkadzinamiza kuti galimoto yafulumirako pang'ono. Khama limeneli ndidakali nalo. Ndi lomwe linandipezetsa satifiketi ya ku koleji, koma nthawi zina limanditseka makutu.

Kwathu kuchigwa madzi akumwa tinkaziziritsa pokulunga botolo m'chiguduli chonyowa. Mwana wotentha thupi amayi ankamufunditsa nsalu yonyowa, ndinkaona ndi maso anga kukiliniki. Ndiye Lachinayi lina masana, amayi ali kuntchito, ndinaviika chiguduli m'ndowa, n'kuchifinya pang'ono chabe, n'kuifunditsa kompyuta ili yoyaka.

Panamveka kuti thu! Kenako fungo ngati la tsitsi lopserera. Galasi linada.

Ndinapukuta paliponse, chiguduli ndinakachiyanika kuseri kwa bafa. Amalume atafika anati, “Mwaswera bwanji, amayi aang'ono?” monga ankanditchulira. Anadina batani kawiri, katatu. Kenako anaika zala zawo ziwiri zija pamaondo.

“Ndi malaiti awa,” anatero, kunena magetsi. “Amabwera ndi mphamvu ngati njovu.”

Ndinagwedeza mutu kuvomereza.

Mayeso aja anakalemba ndithu, koma ntchito anatenga wina wa zala zofulumira. Amalume ananyamula zikwama mpaka msana unakana. Mwina akanalephera ngakhale ndikanapanda kuchita zimene ndinachita. Ndadziuza zimenezi kambirimbiri, koma sizikhazikika.

Chimene sindinkatha kumvetsa nthawi imeneyo n'chakuti aphunzitsi ankanena zoona, koma zoona za gemu yokha. Kompyutayo inakalambira ine. Kwa amalume inali idakali ndi mphamvu zokwanira, zilembo zinkatuluka msangamsanga kuposa zala zawo.

Dzulo ndinawalembera amalume kalata yofotokoza zonse, ndinapatsira dalaivala wa basi ya ku Mfuwe, ndipo sindikamuimbira kuti aibweze. Amalume ndi okalamba tsopano, akhala zaka zonsezi mumtendere akuimba mlandu magetsi. Inu amene mwawerenga, ndiuzeni: ndachita bwino kuwalanda mtendere umenewo kuti ine ndipeze wanga?