Woyeza Timipira ta Lotale

Ku kampani ya lotale ankawatchula kuti a Sikelo, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka akazi awo ankawaitana choncho akafuna kuwaseka. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ntchito yawo inali imodzi. Loweruka lililonse masana, mayere asanaonetsedwe pa kanema, ankatsegula bokosi lachitsulo, kuvala magolovesi oyera, n'kuyeza timipira ta manambala kamodzikamodzi. Kalikonse kanayenera kulemera ngati kanzake, chifukwa kampira kolemererako kamachedwa kukwera m'makina a mphepo, ndiye nambala yake situluka kawirikawiri. Akakhutira ankasaina pepala. Popanda siginecha yawo makina sankayatsidwa.

Tikiti sanagulepo, poti lamulo limaletsa antchito ndi a m'nyumba mwawo. Alamu awo zimenezi sankazimvetsa.

"Alamu, timipirati mumatigwira ndi manja. Tangondinong'onezani nambala ziwiri, zinazo ndilota ndekha."

"Zonse ndi zabwino. Ndinaziyeza ndekha."

"Inu ndiye mlonda wa nkhokwe wogona ndi njala."

A Sikelo ankangomwetulira n'kuwathirira tiyi wina.

Loweruka lina, m'kachipinda kawo kopanda zenera, kampira ka nambala sikisi kanapitirira muyezo. Anapukuta sikelo, n'kuyezanso katatu. Kanali kolemererabe. Kunali kutatsala mphindi makumi awiri kuti pulogalamu iyambe.

Bwana watsopano, munthu wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, analowa akuyang'ana wotchi.

"Madala, pepala lija."

"Sikisi walemera, bwana."

Bwanayo anasuzumira pa sikelo n'kuseka. "Kusiyana kumeneku? Ngakhale nthenga ya nkhuku imaposa pamenepa."

"Kwa munthu amene wasankha sikisi, nthengayo ndi mtolo."

"Anthu akhala kale pa makanema awo. Sainani. Mukapanda kutero, Lolemba tikambirana ngati ntchito ino mukuithabe."

A Sikelo anatseka cholembera n'kuchiika m'thumba la malaya. Ananyamula kampirako n'kukayang'ana pafupi ndi getsi. Sikisi amakhala ndi kamzere pansi kuti asasokonezeke ndi naini, ndipo kamzere kameneka kankanyezimira ngati kanyowa. Anakanunkhiza.

"Bokosili latsegulidwa ine kulibe?"

Bwana anakhosomola. Anati Lachitatu anthu ojambula zithunzi zotsatsa malonda anabwera, iye n'kuwatsegulira ndi kiyi yake. Apo mayi woulutsa pulogalamu, amene anaima pakhomo atadzikongoletsa kale, anagwira pakamwa.

"Kamzereko kanafufutika, sikankaoneka pa kamera. Abwana anati ndikadetse. Ndinapaka utoto wanga wa zikhadabo, kawiri kuti kagwire bwino."

"Kanagwiradi," anatero a Sikelo. "Mankhwala ochotsera muli nawo, mayi?"

Anali nawo m'chikwama. A Sikelo ananyowetsa thonje n'kupukuta pang'onopang'ono mpaka kamzere kakale kanaonekera, kotuwa koma kowerengeka. Anadikira kuti kaume, n'kukaika pa sikelo. Kanafanana ndi tinzake.

Bwana anapumira m'mwamba n'kuwapatsa pepala. Iwo anabweza timipira tonse m'bokosi n'kutenga nambala wani.

"Mukutaninso, madala?"

"Bokosi likatsegulidwa ine kulibe, ndimayambira poyamba. Sindikudziwa kuti anagwiranso kati."

"Tichedwa."

"Tichedwadi."

Anayeza osathamanga, bwana akuyendayenda kumbuyo kwawo, foni ikungolira. A kanema anabwereza katatu uthenga wotsatsa sopo. Mayere anayamba atachedwa mphindi zisanu ndi zinayi. A Sikelo anaima kuseri kwa kamera, manja kumbuyo, akuonerera timipira tikuvina m'galasi la makina aja. Nambala zimene zinatuluka sanazisunge m'mutu. Sankazisunga n'kale lomwe.

Kunyumba anauza akazi awo zonse, n'kuwonjezera kuti mwina Lolemba abwerako msanga.

"Ndiye ndisite malaya abwino aja," anatero mayiwo. "Munthu azichotsedwa ntchito akuoneka bwino."

Lolemba anafika m'mawa monga mwa masiku onse. Bwana anawapeza m'kachipinda kaja akupukuta sikelo. Bwanayo anavula kiyi ya bokosi pa mpukutu wa makiyi ake n'kuiika patebulo.

"Ojambula akabweranso, azidikira inuyo."

"Azibwera m'mawa, bwana," anatero a Sikelo. "Masana ndimakhala ndi ntchito."